Kodi nsomba imaona chiyani ikayang'ana kumwamba? Physics yosankhira nyambo ya trout pa madzi achilendo

Msodzi wa ku Nkhotakota kapena wa ku Kachulu simungamuphunzitse za nyambo. Amadziwa chimene mlamba umakonda, amadziwa nthawi imene kampango amadya, chifukwa madziwo anakulira momwemo. Koma mutengeni munthu yemweyo, mukamuimike m'mbali mwa kamtsinje kozizira pamwamba pa phiri la Zomba, mumupatse kabokosi kodzaza ndi timbedza tovekedwa nthenga, tina takuda, tina tofiirira, tina tating'ono ngati njere ya mpunga, n'kumuuza kuti asankhepo kamodzi. Ayambira pati?

Funso limeneli ndimalikonda chifukwa yankho lake lili m'makope anu omwewo. Refraction, density, surface tension, kutentha ndi kuzizira: mitu imene ena mwa inu mumangoloweza kuti mudutse MSCE ndi imene imauza munthu nyambo yoti amange ku chingwe pa madzi amene sanawaonepo chibadwire. Tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono.

Nsomba yake ndi iti?

Trout ilibe dzina la Chichewa chifukwa si ya kuno. Mtundu umene uli m'Malawi muno ndi rainbow trout, yokhala ndi mzere wofiirira m'nthiti ndi timadontho takuda pamsana. Kwawo kwenikweni ndi mitsinje yothira m'nyanja ya Pacific, makamaka kuzambwe kwa North America. Anaibweretsa ndi atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anaiika m'mitsinje ya m'mapiri ataliatali. N'chifukwa chake mukamva za trout kuno kwathu, mumamva za mtsinje wa Mulunguzi pa phiri la Zomba, za madamu a ku Chelinda ku Nyika, ndi za mitsinje ina ya pa phiri la Mulanje. Musaisokoneze ndi mpasa, imene alendo amaitcha lake salmon. Mpasa ndi yathuyathu, ndipo ilibe ubale ndi trout.

Kawedzedwe kake kotchuka ndi kamene amati fly fishing. Fly yake si ntchentche ya pa nsima ayi. Ndi mbedza imene aimangirira nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo. Ilipo yoyandama pamwamba pa madzi, imene amati dry fly. Ilipo yomira yofanana ndi mphutsi za m'madzi, imene amati nymph. Ilipo yokulirapo yofanana ndi kansomba kapena mbululu, imene amati streamer. Mitundu yake ndi yosawerengeka, ndiye munthu wongosankha mwachimbulimbuli akhoza kutha tsiku lonse akungosintha mbedza.

Choyamba, thermometer

Ndikafika pa madzi amene sindikuwadziwa, chida choyamba kutuluka m'chikwama ndi thermometer, yonga ya mu labu ija. Ndimaiviika m'madzi mphindi imodzi, n'kuwerenga.

Chifukwa chake ndi ichi. Nsomba imapuma okosijeni amene wasungunuka m'madzi, ndipo madzi ozizira amasunga mpweya wambiri kuposa otentha. Mukudziwa kale zimenezi ngakhale simunaziganizirepo. Tsegulani Fanta wozizira ndi wina amene wakhala padzuwa. Wotentha uja amafufuma n'kutaya mpweya wake msangamsanga, pamene wozizira amausunga. Pa malo otsika ofanana ndi nyanja ya mchere, lita imodzi ya madzi a 10°C imatha kusunga mamiligalamu pafupifupi 11 a okosijeni. Pa 20°C imasunga 9, pa 30°C imasunga 7 ndi theka basi.

Vuto lachiwiri n'lakuti thupi la nsomba limatentha kapena kuzizira motsatira madzi. Madzi akatentha, thupi lake limagwira ntchito mofulumira ndipo limafuna okosijeni wochuluka, pa nthawi yomweyo imene okosijeniyo akuchepa. Zili ngati chimanga mu February: ofuna achuluka, m'nkhokwe mwatsala pang'ono. Mlamba umapirira zoterezi chifukwa uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja. Trout ilibe. Imasangalala pakati pa 10°C ndi 16°C, imavutika madzi akadutsa 20°C, ndipo akakhalitsa cha m'ma 25°C imafa.

Apa ndi pamene mapiri akubwerera m'nkhani. Mukakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Chelinda ili pa mamita opitirira 2,000, kotero kuti mu June ndi July kumagwa chisanu chenicheni choyeretsa udzu. Koma taonani chinthu chosangalatsa: pamwamba chotero pressure ya mpweya ndi yochepa, ndipo zimenezi zimachepetsa okosijeni wolowa m'madzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Phiri likupereka ndi dzanja ili, n'kulanda ndi linalo. N'chifukwa chake malo amene madzi akugwa pa mathithi kapena kuwinduka pa miyala n'kuchita thovu ndi ofunika kwambiri kwa trout ya kuno, poti pamenepo madzi akusakanikirana ndi mpweya.

Tsono thermometer ija ikukuuzani chiyani za nyambo? Ikawerenga pansi pa 8°C, nsomba ndi yaulesi, ili pansi, ndipo siithamangira chakudya. Mufunika nymph yolemera, yodutsa pafupi ndi kamwa lake. Ikawerenga 12°C kapena 15°C, nsomba ili maso ndipo ikhoza kukwera kudzatola dry fly pamwamba. Ikayandikira 19°C, funani malo a mthunzi ndi a thovu, m'mawa kwambiri. Ikadutsa 20°C, ine ndimapinda ndodo. Nsomba imene yalimbana ndi chingwe m'madzi otero nthawi zambiri imafa ngakhale muibwezere.

Zenera la nsomba

Tsopano tifike pa gawo limene ndimalikonda kuposa onse. Ikani pensulo m'kapu ya madzi, ioneka ngati yathyoka. Kuwala kukamachoka m'mpweya kulowa m'madzi kumachepetsa liwiro, ndiye kumapinda. Ndi refraction imeneyo, ndipo refractive index ya madzi ndi 1.33.

Kuchokera pamenepa mutha kupeza critical angle: sin c = 1 ÷ 1.33, zimene zikupereka madigiri pafupifupi 49. Pa mayeso mumangolemba nambalayi n'kupita ku funso lina. Kwa nsomba, nambalayi ndi dziko lake lonse. Ikayang'ana kumwamba, zonse za kunja kwa madzi, mitengo, mitambo, mbalame, inuyo, imazionera pa bwalo limodzi lozungulira limene lili pamwamba pa mutu wake, ngati munthu amene ali m'nyumba ya mdima yokhala ndi chibowo chimodzi padenga. Bwalo limeneli amalitcha Snell's window. Kunja kwa bwaloli, pamwamba pa madzi pamasanduka galasi loonetsa miyala ya pansi, chifukwa cha total internal reflection.

Kukula kwa zenerali tingakuwerengere. Tan 49° ndi pafupifupi 1.15, ndiye kuchokera mbali ina kufika mbali ina, zenera limakula kuwirikiza 2.3 kuya kumene nsomba ili. Nsomba imene ili pa mita imodzi pansi ili ndi zenera la mamita 2.3. Imene yakwera n'kuima masentimita 10 pansi pa madzi ili ndi kazenera ka masentimita 23 okha, ngati mbale ya ndiwo.

Mwaona tanthauzo lake? Trout imene ikudya pamwamba penipeni imaona malo ochepa kwambiri. Mukaponya fly yanu mkono umodzi kumbali, idutsa osaonedwa, ndipo inu muyamba kunyoza fly yosalakwa n'kumanga ina. Musanasinthe nyambo, dzifunseni kaye ngati inalowa n'komwe m'zenera.

Zenera lomweli likutiuzanso poima. Zinthu zimene zili m'munsi, pafupi ndi mzere wa madzi, nsomba imaziona zofinyika ndiponso zosaoneka bwino m'mphepete mwa zenera, poti kuwala kofika mopendekeka chotero kwambiri kumangogunda pa madzi n'kubwerera kumwamba. Asodzi amayesetsa kukhala pansi pa madigiri 10 kuchokera pa madzi. Tan 10° ndi 0.18, ndiye pa mtunda wa mamita 10 munthu wa mamita 1.8 akhoza kuima chilili. Pa mamita 5 ayenera kutsika kufika masentimita 90, kutanthauza kugwada. Mukaona munthu wamkulu akukwawa m'mbali mwa mtsinje ngati mwana, sanapenge, akugwiritsa ntchito trigonometry. Malaya oyera kapena ofiira asiyeni kunyumba, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pa madzi.

Refraction imakunamizaninso inuyo. Nsomba imene ili pa mita imodzi imaoneka ngati ili pa masentimita 75 mukaiyang'ana kuchokera pamwamba pake, ndipo mukaiyang'ana chapatali imaoneka yosaya kuposa pamenepo. Madzi oyera a m'phiri ndi akuya kuposa momwe maso akukuuzirani. Nyambo yanu imire kupitirira pamene mukuganizira, ndipo mwendo wanu usaponde mwachisawawa.

Za phokoso n'zachidule. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi m'mpweya, ndi pafupifupi 1,500 m'madzi, koma mawu ochokera m'mpweya amalowa m'madzi ochepa zedi. Kucheza ndi mnzanu si vuto. Vuto ndi mapazi. Kugunda kwa phazi kumadutsa m'nthaka n'kulowa m'madzi, ndipo nsomba imakumva ndi makutu a mkati mwa mutu komanso ndi mzere wa m'nthiti wotchedwa lateral line.

Gubuduzani mwala

Mwayeza madzi, mwagwada. Musamange kanthu kaye. Khalani mphindi khumi mukungoyang'ana, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali tizilombo touluka pamwamba pa madzi? Pali timabwalo totambasuka pamene nsomba yatola kanthu? Pa ukonde wa kangaude wa m'mbali mwa mtsinje pakodwa chiyani? Kangaude ameneyo wakuchitirani kale kafukufuku usiku wonse.

Kenako pitani kumunsi pang'ono, pamene simukufuna kuwedza, mutole mwala wa m'madzi oyenda n'kuutembenuza. Pansi pake mupeza mndandanda wa chakudya cha trout ya mumtsinje umenewo. Kachilombo kaphwatalala, kothamanga, ka michira itatu yopyapyala ndi mwana wa mayfly. Ka michira iwiri ndi miyendo yolimba, kawirikawiri ndi mwana wa stonefly. Kachubu kopangidwa ndi mchenga kapena tizitsotso, komatirira pa mwala, ndi nyumba ya mphutsi ya caddis. M'madamu muli ana a tombolombo, mbululu ndi mphutsi zofiira za m'matope. Tinkhanu tating'ono timapezekanso m'mitsinje yambiri ya m'mapiri athu.

Tizilombo timeneti timakhala m'madzi miyezi yambiri, kenako timakwera pamwamba, kusuwa khungu n'kuuluka. Mayfly yaikulu imakhala ndi moyo maola ochepa kapena tsiku limodzi kapena awiri, ndipo siidya n'komwe. Amene munakhalapo kunyanja mukudziwa nkhungu, zimene zimatuluka m'madzi ngati utsi. Ndi mchitidwe womwewo. Popeza nthawi yokhala m'madzi ndi yaitali kuposa youluka, trout imadya kwambiri pansi pa madzi. Choncho ngati simukuona nsomba ikutola kanthu pamwamba, yambani ndi nymph.

Ikani kachilomboko pa chikhatho, mutsegule bokosi, mufananize. Dongosolo lake ndi ili: kukula koyamba, maonekedwe a thupi kachiwiri, mtundu pomalizira. Manambala a mbedza amayenda chobwerera, nambala ikakula mbedza ikuchepa, ndiye 16 ndi yaing'ono kuposa 12. Mukakayikira pakati pa ziwiri, tengani yaing'onoyo. Maso athu amakonda kukuza zinthu zouluka.

Musaiwale za kumtunda. Mphepo imagwetsera m'madzi ziwala, nyerere ndi tizikumbu, makamaka kumene udzu wawerama pa mtsinje monga ku Nyika. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kutuluka, nsomba nazonso zimachita phwando ngati ife tomwe. Tsiku lotero fly yofanana ndi ngumbi kapena nyerere ya mapiko imaposa zonse za m'bokosi.

Kuyandama ndi kumira

Wophunzira wina anandifunsapo kuti, "Sala, mbedza ndi chitsulo, density yake ndi yoposa ya madzi. Ndiye dry fly imayandama bwanji?" Funso labwino. Yankho n'lakuti siiyandama monga bwato, imaima pa madzi monga tizilombo ta miyendo italiitali tija timayenda pa dziwe. Ma molecule a madzi amakokana, ndipo pamwamba amapanga ngati kachikopa kotamuka. Ndi surface tension imeneyo, pafupifupi 0.07 N pa mita iliyonse. N'kochepa, koma kokwanira kunyamula chinthu chopepuka ngati kulemera kwake kwagawidwa pa nsonga zambiri. N'chifukwa chake dry fly amaizunguliza nthenga ya pakhosi pa tambala: timinga take tambirimbiri timakhala ngati miyendo. Amaipakanso mafuta kuti madzi asailowe. Ikanyowa kapena ikakhudzana ndi sopo, imamira.

Kumbukirani galasi lija la kunja kwa zenera. Miyendo ya kachilombo imabonyola galasilo n'kupanga timadontho tonyezimira, ndipo nsomba imaona timadonthoti kachilomboko kasanafike m'zenera. Fly yoima bwino pa madzi imatumiza uthenga womwewo.

Nymph ndiye imafuna zosiyana: imire msanga. Amaiika kamkanda kachitsulo kumutu. Density ya brass ndi pafupifupi 8.5 g/cm³, ya lead ndi 11.3, ya tungsten ndi 19.3. Mikanda iwiri yofanana kukula imalandira upthrust yofanana, monga anatiphunzitsira Archimedes, koma wa tungsten umakokedwa pansi ndi mphamvu yoposa kawiri ya wa brass. Pa madzi othamanga ndi akuya sankhani tungsten. Pa madzi osaya ndi odekha brass ikwana, chifukwa yolemera ingokodwa m'miyala.

Tiwerengere chitsanzo chongopeka. Madzi akuyenda theka la mita pa sekondi, nymph yanu ikumira masentimita 10 pa sekondi, nsomba ili masentimita 60 pansi. Nymph ifunika masekondi 6 kuti ifike, ndipo m'masekondi amenewo madzi aitenga mamita 3. Ndiye muponye mamita 3 kumtunda kwa nsomba. Mukaponya pamutu pake, nyambo idutsa pamwamba n'kukamira kumbuyo kwake.

Nanga mtundu?

Trout imasiyanitsa mitundu, koma madzi amameza kuwala mosankha. M'madzi oyera, kufiira ndi kumene kumayamba kutha, mkati mwa mamita ochepa, pamene buluu amafika patali. Pa kamtsinje kofika m'mawondo zimenezi sizisintha zambiri. Pansi pa damu, fly yofiira imaoneka yakuda. M'madzi a matope mvula itagwa, kuwala kumamwazika ndipo nsomba imangoona mdima wa chinthu, kotero fly yakuda ndi yokulirapo imaoneka bwino kuposa yowala. Madzulo n'chimodzimodzi: nsomba ikuyang'ana kumwamba kumene kuli kowala, ndipo chakuda ndi chimene chimaonekera. M'madzi oyera masana, pitani ku zazing'ono za mtundu wa dothi, wa udzu wouma kapena wa ndere.

N'chifukwa chake ma fly otchuka pa dziko lonse ndi osakongola. Pheasant Tail Nymph anaipanga Frank Sawyer, amene ankayang'anira mtsinje wa Avon ku England, ndi zinthu ziwiri zokha: nthenga za kumchira kwa mbalame ya pheasant ndi kawaya ka kopa. Hare's Ear ndi ubweya wa kalulu wongoti nyankhalala. Adams ndi dry fly yotuwa. Woolly Bugger wakuda amaoneka ngati mbululu, ngati kansomba, ngati mwana wa tombolombo, zonse pang'onopang'ono. Sizifanana ndendende ndi kachilombo kamodzi, koma zimayandikira tambiri, ndipo pa madzi achilendo chimenecho ndi chimene mukufuna. Munthu wokhala ndi zinayi zimenezi, m'masaizi awiri kapena atatu, akhoza kuyamba pa mtsinje uliwonse wa trout. Ndipo zipangizo zake si zachilendo kwa ife: nthenga za nkhanga ndi za tambala, ulusi wosokera, waya wa mu wailesi yakufa.

Chingwe cha kumapeto, chimene chimagwira fly, chili ndi physics yakeyake. Nayiloni ali ndi refractive index pafupifupi 1.53, fluorocarbon 1.42, madzi 1.33. Chinthu chikayandikira refractive index ya madzi chimavuta kuona, ndiye fluorocarbon amabisala bwinoko. Koma ndi wolemera, amamira, kotero amayenera nymph. Dry fly imayenda bwino ndi nayiloni.

Nyambo yabwino yoyenda molakwika

Madzi a mumtsinje sayenda liwiro limodzi. Friction ya miyala imachedwetsa a pansi ndi a m'mbali, pamene a pakati chapamwamba amathamanga. Trout imadziwa bajeti: siingawononge mphamvu zambiri kuposa zimene ipeze m'chakudya. Imaima pa madzi ofatsa, kuseri kwa mwala kapena pansi penipeni, mutu utaloza kumtunda, pafupi ndi madzi othamanga amene akuibweretsera chakudya. Funani mzere umene madzi othamanga akumana ndi ofatsa. Nthawi zambiri thovu limandanda pamenepo, ndipo pamene pakuyenda thovu ndi pamene pakuyendanso tizilombo. Popeza nsomba yaloza kumtunda, inu muifikire chakumbuyo, kuchokera kumunsi.

Kachilombo kenikeni kamayenda liwiro lofanana ndi madzi amene kalimo. Fly yanu ili ndi chingwe, ndipo chingwecho chagona pa madzi a liwiro lina. Madzi othamanga akachikoka, fly imayamba kudula madzi n'kusiya kamzere kumbuyo ngati boti. Asodzi amati drag. Relative velocity ya fly poyerekeza ndi madzi iyenera kukhala ziro, ndipo ikapanda kutero nsomba imaikana ngakhale ifanane chotani ndi chakudya. Njira yoyesera n'njosavuta: yang'anani kathovu kamene kali pafupi ndi fly yanu. Zikuyendera limodzi? Ngati ayi, sinthani poima kapena tembenuzirani chingwe kumtunda, fly isiyeni yomweyo. Streamer yokha ndi imene imafuna kukokedwa, chifukwa ikunamizira chinthu chosambira.

Ndiye nsomba ikapanda kugwira, ine ndimasintha zinthu motere, chimodzi pa nthawi imodzi monga pa experiment iliyonse: kayendedwe kaye, kenako kuya, kenako kukula, mtundu pomaliza. Mukasintha zonse pamodzi, ngakhale mugwire nsomba simudziwa chimene chathandiza.

Bwanji osangoika nyongolotsi?

Ndikudziwa kuti ena mwakhala mukudzifunsa zimenezi kuyambira pamwamba. Zoona, trout imadya nyongolotsi, ziwala ndi ngumbi zenizeni, ndipo m'madzi a matope nyambo yamoyo imaposa ya nthenga chifukwa ili ndi fungo, limene madzi amalitengera kumunsi kumene nsomba yaloza mphuno. M'mayiko amene malamulo amalola, mfundo zake ndi zomwezi: nyambo yaing'ono, yopezeka pamalopo, yoyenda ndi madzi.

Koma madzi ambiri a trout ali ndi malamulo. Nyika ndi malo otetezedwa a boma, ndipo kumeneko amalola fly yokha. Phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa. Kulikonse, pitani kaye kwa oyang'anira malowo mukafunse za chilolezo, za nyengo yowedza ndi nyambo zololedwa. Safunsa anadya phula, ndiponso anthu amenewo amaona madziwo tsiku ndi tsiku, akhoza kukuuzani m'mphindi ziwiri zimene mukanazifufuza tsiku lonse. Lamulo la fly lili ndi chifukwa chake. Nyambo yamoyo nsomba imaimeza mpaka m'mimba, ndipo kuchotsa mbedza kumaipha. Fly imailavula ikangozindikira kuti yanamizidwa, choncho mbedza imakola pa mlomo, ndipo nsomba yaing'ono mutha kuibwezera. Poigwira nyowetsani manja kaye kuti musachotse kuterera kumene kumaiteteza ku matenda.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna muzisunge, ngakhale amene simudzagwirapo ndodo yowedzera. Choyamba, trout ndi mlendo wadyera. Bungwe la IUCN linaika rainbow trout pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa malo achilendo, chifukwa imadya tizilombo, mbululu ndi tinsomba ta eni dera. Musadzatenge nsomba kapena nyambo yamoyo pa mtsinje wina kukaiika pa wina.

Chachiwiri, kamtsinje ka m'phiri kamazizira chifukwa cha mthunzi wa mitengo ya m'mbali mwake. Mitengoyo ikadulidwa kapena ikapsa ndi moto wolusa, dzuwa limawomba pa madzi, thermometer imakwera, matope amakwirira miyala, ndipo tizilombo ta pansi pa mwala tija timatha. Mayfly, stonefly ndi caddis ndi tizilombo timene akatswiri amawerenga pofuna kudziwa ngati mtsinje uli waukhondo. Madzi a mu Mulunguzi ndi omwewo amene amatuluka m'mipopi ya mumzinda wa Zomba, ndiye zimene zikuchitikira trout kumtunda zikukhudzanso ndowa ya munthu kumunsi.

Ntchito ya kunyumba

Simufunika kupita ku Chelinda kuti muyese zimenezi. Nazi zitatu za sabata ino.

Yoyamba: ikani ndalama yachitsulo m'kapu yosaonekera mkati, mubwerere m'mbuyo mpaka ibisike, mnzanu athire madzi pang'onopang'ono. Jambulani ray diagram yofotokoza chifukwa chake ndalamayo yaonekeranso.

Yachiwiri: goneka singano pa kapepala kofewa pamwamba pa madzi a m'mbale. Kapepalako kakamira, singano itsala pamwamba. Kenako gusani madziwo ndi chala chopaka sopo, mulembe zimene zachitika.

Yachitatu: pitani ndi anzanu pa mtsinje wa kufupi ndi kwanu, pa malo osaya ndipo osati mvula itangogwa. Amene muli ku madera a ng'ona kapena a likodzo, iyi ilekeni. Tembenuzani miyala isanu, muwerenge mitundu ya tizilombo, mubwezere miyalayo momwe inalili. Ngati aphunzitsi anu angakubwerekeni thermometer, yezani madzi pa mthunzi ndi pa dzuwa, m'mawa ndi masana. Kenako werengerani: nsomba imene ili masentimita 40 pansi pa madzi ili ndi zenera lalikulu bwanji? Mayankho anu ndi zimene mwapeza pansi pa miyala mulembe m'munsimu, mutchule ndi dzina la mtsinjewo, tidzafananize.